Mbuya Wanga Amene Sanamalizepo Buku

Iwe Taonga ndi iwe Yotamu, za ubwana wanga ndi mmene agogo anu anasamukila kuno kuchokela ku Chipata kudzafuna minda ya thonje munazimva mpaka makutu kuwawa, sindibwelezanso. Pano ndilemba za nchito imene ndinagwila mpaka kupuma, nchito yosankhila anthu mabuku, ndiponso za a Mulenga. Ndikudziwa kuti dzina limeneli likatchulidwa pakhomo pano mumatsinana n'kumayang'ana nkhope yanga. Mumati mdala ali ndi nsanje. Ee, ndili nayo, ndipo sindinakhale pansi ndi cholembela kuti ndilape. Ndifuna chabe mudziwe kumene inachokela, kuti poseka muziseka chinthu chimene mukuchidziwa.

Nyimba, kumayambililo kwa zaka za m'ma 1990

Nchito yoyamba ndinaipeza ku bungwe lina la mipingo limene linali ndi zipinda zowelengelamo mabuku ku Nyimba ndi ku Petauke. Ananditumiza ku Nyimba. Laibulale yake inali kachipinda kamodzi kuseli kwa chalichi, pafupi ndi msewu waukulu, moti basi ikaima, mawu a azimai ogulitsa nthochi anali kulowa mpaka pa mashelefu. Bwana wanga anali a Mwanza, mphunzitsi wakale wa katekisimu, munthu woonda, wa jekete imodzi chilimwe ndi dzinja. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka ku nsapato, nati, "A Zulu, lamulo pano ndi limodzi chabe. Buku limene simunawelenge musapatse munthu. Inu mungamwetse mwana phala limene simunalawe?" Mawu amenewo ndinawasunga ngati a paguwa. Ndinawelenga zonse: nkhani zopeka, mabuku a zaulimi, a zaumoyo, a mbili yakale, ndi timabuku ta ana ta zithunzi. Ngakhale buku la kawetedwe ka nkhosa m'maiko a chisanu, limene linabwela m'katoni ya mphatso, ndinalimaliza mpaka tsamba lothela, pamene ku Nyimba munthu amatuluka thukuta ali chikhalile.

Zosowa zinali zambili. Mabuku a Chinyanja anali ochepa moti onse ndikanawanyamula m'khwapa, ndipo ndiwo anthu anali kulimbilana mpaka zikuto kuthothoka. Guluu kunalibe. Tinali kuphika phala la ufa wa chinangwa n'kumamatila masamba, koma phalalo linali kuitana mphemvu, ndiye m'mawa uliwonse nchito yoyamba inali kukutumula mabuku panja. Zikuto zatsopano tinali kudula pa mapepala a matumba a simenti. Chiswe nacho chinali kuwelenga nafe, chokhacho kuti icho chinali kuyambila kumapeto. A Mwanza anaika miyendo ya mashelefu m'zitini za oilo wakutha, ndipo fungo lake linali kundipelekeza mpaka kunyumba.

Koma ndinali wokondwa, chifukwa anthu anali kubwela kwa ine. Munthu akalowa ndinali kumukhazika pansi n'kumufunsa bwinobwino: mufuna kuphunzila, mufuna kuseka, kapena pali chimene chikukuvutani? Akayankha, ndinali kupita pa shelefu osakayika. Mlimi wina wa m'mabanja aja anachokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo n'kukhazikika kuno anabwela akudandaula kuti nshawa zake zikuchita nkhungu m'nkhokwe. Ndinamupatsa kabuku ka kaumitsidwe ka mbewu, ndipo atakolola chaka chotsatila anandibweletsela nshawa m'kadengu, zouma bwino, zolila m'manja. Amai anu Esinati nawonso ndinawapeza mwanjila yomweyo. Anachokela kwawo kwa Kalindawalo kudzaphunzila kusoka, ndipo tsiku lina analowa kudzafunsa buku la madulidwe a madilesi. Ndinawapatsa, n'kuwonjezapo kankhani ka chikondi kamene sanapemphe. Pobweza kankhaniko anayang'ana pansi akumwetulila, nati, "Aka munasankha dala." Mwaona? Ndisanakumane ndi a Mulenga, ine ndinali munthu amene buku lake linali kubweletsa nshawa ndi mkazi.

Petauke, chakumapeto kwa zaka zomwezo

A Mwanza atapuma, bungwe linandisamutsila ku Petauke, ku laibulale yokulilapo. Kumeneko bwana anali amai Daka, munthu wa mawu ochepa amene anali kulamula ndi maso pamwamba pa magalasi. Kuwonjezela pa owelenga a m'tauni, tinali kulongedza mabokosi a malata n'kuwatumiza ku masukulu a ku Msanzala ndi kwa Kalindawalo, nthawi zina pa lole ya thonje, nthawi zina pa njinga za aphunzitsi. Bokosi lililonse ndinali kulisankhila ndekha: pansi za aphunzitsi, pakati za alimi, pamwamba za ana kuti akangotsegula aone zithunzi. Mbili yanga inamveka. Aphunzitsi anali kufika akufunsa kuti a Zulu a mabuku ndi ati.

Ndiye kunabwela a Mulenga kudzagwila nafe nchito, Mbemba wa kumpoto, wamfupi, wa kamimba, wa kuseka komveka mpaka kumsika. Inu ana a lelo chimbuya mumachionela pa malilo pokha, koma nthawi imeneyo chinali ndi mano. Mngoni ndi Mbemba ndi mbuya. Wina akhoza kunyoza mnzake pagulu mmene afunila, ndipo amene wakwiya ndiye amachita manyazi. Tsiku loyamba lomwe, anthu ali phee kuwelenga, iwo analowa n'kuyamba kununkhiza m'mwamba.

"Muno mununkha mbewa," anatelo. "Ndani wabisa chakudya chake cha masana m'kati mwa buku? Ndimwe ba Zulu?"

Chipinda chonse chinaseka, mpaka amai Daka anabisa pakamwa ndi fayilo. Ine ndinayankha monga mwa mwambo, kuti kuno anyani timangowathamangitsa m'minda, sitiwaika m'poto ngati kwawo. Anthu anasekanso, tinagwilana chanza, ndipo ndinayesa zathela pomwepo. Kansi zinali zikungoyamba.

Sipanapite nthawi ndinatulukila kuti munthuyu samaliza buku. Anali kutsegula, kuwelenga masamba ochepa akuyendayenda, kusuzumila pakati, n'kutseka. Nditawafunsa anati, "Mwandi ba Zulu, ndikamaliza ine, owelenga ndiwasiyila chiyani?" Ndinapita kwa amai Daka kukawafotokozela lamulo la a Mwanza. Anandimvetsela mpaka kumapeto, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"A Zulu, mabuku a pa tebulo la a Mulenga akutuluka?"

"Akutuluka, amai."

"Nanga a pa tebulo lanu?"

Ndinabwelela pampando wanga.

Njila yawo inali yopusa, ndipo mpaka lelo ndimati ndi yopusa. Anali kukaniza. Mzimai akafika, iwo anali kutenga buku n'kulibisa kumbuyo. "Ili awe, amai. Ili likulizani, ndiye amuna anu abwele kudzandimenya." Kwa mphunzitsi anali kunena kuti, "Ili la mbili ya migodi yakale lisiyeni, ndi lolimba, ndi la anthu a mitu ikuluikulu." Kwa ana, "Umu muli fisi amene amatuluka m'tsamba, osakhudza!" Basi anthu kuchondelela, ena mpaka kudikila pakhomo kuti wobweza akangofika alilande. Ine ndikamufotokozela munthu ubwino wa buku, mutu ndi mutu, iwo anali kufuula ali pa tebulo lawo, "Thawani! Mabuku a ba Zulu ali ngati kwinini, amachiza koma simudzafunanso!" Ndikwiye? Ndi mbuya. Ndinali kuseka nawo ndi mano okha.

Chondiwawa kwambili chinali chakuti nthawi zambili anali kupatsa anthu mabuku olakwika. Mzimai wina anabwela kudzafuna za kawetedwe ka nkhuku. Buku lake ndinali nalo m'manja, koma a Mulenga anamutsekeleza pakhomo ndi nkhani ya dalaivala wa lole amene anasochela m'thengo ndi katundu wa ukwati. Sabata yotsatila mzimaiyo anabwelanso akuthamanga, "A Mulenga, lina lotele!" Nkhuku zake sindidziwa ngati zinapulumuka chitopa. Ngakhale mabokosi a ku Msanzala anayamba kubwela ndi uthenga wa pakamwa wakuti ulendo wina alongedze a Mulenga aja oseketsa. Madzulo ndinali kukadandaula kwa amai anu, iwo ali pa makina osokela, mapini kukamwa. Tsiku lina anachotsa mapiniwo nati, "A Zulu, inu mumapatsa munthu chakudya. Anzanuwo amamupatsa njala." Ndinawafunsa kuti kodi ali mbali ya ndani. Anati ali mbali ya dilesi imene akusoka.

Chimodzi chokha chinali kundikhazika mtima pansi, ndicho iwe Taonga. Yotamu mtima wake unali ku mpila, sindinalimbane naye. Koma iwe ukaweluka kusukulu unali kubwela molunjika pa tebulo langa n'kukhala pa katoni pafupi ndi mwendo wanga. Zilembo ndinakuphunzitsa ndine, pa zotsala za mapepala a simenti. Buku lililonse limene unawelenga kufikila nthawi imeneyo linachoka m'manja mwanga. Ndinali kunena mumtima kuti a Mulenga atenge Petauke yense, atenge ndi Msanzala womwe, koma uyu ndi wowelenga wanga.

Petauke, chaka chimene amai anu anatisiya

Amai anu anadwala nthawi yokolola, ndipo mvula isanagwe tinawaika kwawo kwa Kalindawalo. Apa ndinene zoona, a Mulenga anagwila nchito ya umbuya mokwana. Anafika ndi Abemba anzawo, anatema nkhuni, anatunga madzi, analowa m'dzenje ndi fosholo. Pochokela kumanda anandithila ufa kumutu mpaka ndinayela ngati wa m'chigayo, akufuula kuti mkazi wabwino chonchi watopa ndi ndiwo za mbewa. Anthu amene anali kulila anaseka, monga mwambo ufunila. Iwe wekha Taonga sunaseke, ndipo sunalile. Unali giledi seveni. Yotamu atabwelela ku sekondale yake yogonela komweko tinatsala awili m'nyumba, ndipo iwe unatseka pakamwa. Aphunzitsi anati m'kalasi umangoyang'ana pa windo. Chakudya unali kuchikhudza ndi nsonga za zala n'kusamba. Ukafika ku laibulale sunali kulowanso, unali kukhala pa benchi ya pakhomo, chikwama pamiyendo. Ndinachita mantha kuti ndiika wachiwili.

Ndinachita chimene ndinali kudziwa. Ndinakusankhila buku la mtsikana wamasiye amene analimba mtima n'kumaliza sukulu. Ndinakusankhila la mapemphelo a ofedwa, ndi lina lofotokozela ana za imfa mofatsa. Onse ndinali nditawawelenga, ndipo anali mabuku abwino, wotsutsa abwele. Ndinali kukuikila pa pilo, kachingwe ka ulusi kali pa tsamba loyamba. Iwe unali kunena kuti, "Zikomo atate," ndipo patapita masiku ndinali kulipeza pa tebulo langa, kachingwe kali pomwe ndinakaika.

Tsiku lina masana ndili kuseli kwa shelefu kumata zikuto, ndinamva a Mulenga akukamba nawe pa benchi paja.

"Iwe mwana wa odya mbewa, sendela uko, wakhalila buku langa. Awe, usalitsegule! Ili ndi la ana a mamina. Mbuzi inakwela basi yopanda tikiti, zopusa zokhazokha. Munthu wa giledi seveni akaliwelenga amabwelela giledi wani."

Analisiya pa benchi pomwepo n'kupita kukamwa tiyi. Kabukuko ndinali kukadziwa bwino: ka zithunzi, ka masamba ochepa, koyenela mwana woyamba sukulu. Ndinatsala pang'ono kuwatsatila kuti ndikawauze kuti chimbuya chili ndi malile, mwana wofedwa sachita naye zachibwana. Ndisananyamuke ndinamva kaphokoso ka m'mphuno. Kenaka kuseka kwenikweni, kuseka kuja kwa amai ako kothela ndi kutsokomola. Ndinakhala pansi pa katoni, phala la chinangwa lili m'zala, misozi ili chuchuchu. Ndinathokoza Mulungu. Ndipo m'pemphelo lomwelo ndinamufunsa kuti, Ambuye, mwa anthu onse a mu Petauke muno, munasowa wina womutuma?

Pambuyo pa mbuzi panabwela nkhani ya atsikana amene anathawitsa ngolo ya amalume awo. Pambuyo pake buku lalikulu la thupi la munthu, limene a Mulenga anakukaniza kuti lili ndi matumbo, usanza. Unayamba kudya. Unayamba kukamba, koma nkhani zako zonse za pa mphasa zinali kuyamba ndi "A Mulenga akuti." Ku laibulale unayambanso kulowa. Unali kufika pa tebulo langa, "Mwachoma bwanji atate," n'kupitilila. Katoni ija inakhala pafupi ndi mwendo wanga yopanda munthu mpaka chiswe chinaimaliza.

Petauke, chaka chotsatila

Amai Daka anandiitana mu ofesi n'kutseka chitseko. Anati nthawi yawo yopuma yakwana, ndipo bungwe mphamvu zachepa. Ku Petauke kutsala munthu mmodzi, winayo apite akatsegulenso kachipinda ka ku Nyimba kamene kanakhala kotseka chichokeleni amene anandilowa m'malo.

"Wamkulu pa nchito ndinu, a Zulu," anatelo. "Mpando uno ndi wanu, ndipo akuluakulu ati musankhe ndinu. A Mulenga ndawafunsa kale. Ati kulikonse kumene kuli nthochi apita."

Ndinatuluka mu ofesimo mapazi osagunda pansi. Tangoganizani! Mpando, makiyi, mabokosi a ku Msanzala, owelenga onse, ndi mwana wanga, zonse kubwelela kwa ine, popanda kunamizila munthu, popanda tchimo lililonse. Ndinagula nyama pobwelela kunyumba. Tili pa chakudya ndinakuuza iwe Taonga ngati nkhani wamba kuti a Mulenga mwina asamukila ku Nyimba. Sunalile, sunatsutse. Unati, "Chabwino atate," ndi mawu omwe aja a "Zikomo atate," n'kusamba m'manja nyama ili m'mbale. M'mawa mwake ndinapeza buku la thupi la munthu lili pa tebulo lobwezela, usanafike ndi pakati pomwe, ndipo masana unali pa benchi ya pakhomo, chikwama pamiyendo.

Ndinalimbana nazo masiku angapo. Ndinadziuza kuti mwana azolowela, kuti ine ndi atate ake, kuti munthu wosamaliza buku sangasiyilidwe laibulale. Ndinaganizanso zoti ndipite ine ku Nyimba n'kukutenga, koma ndinaona kuti kumeneko ndi kukuchotsa kwa a Mulenga komweko, kungosintha amene akwela basi. Potsiliza ndinapita kumsika kwa amai ako aang'ono, a Ketilina, amene anali kugulitsa nyemba ndi kapenta, ndipo nyumba yawo inali pafupi ndi sukulu yako. Anandimvetsela akupepeta nyemba.

"Alamu, mwana ndi wathu," anatelo. "Kwa ife Ansenga mwana wa mkulu wanga sapempha malo, mphasa yake ilipo kale. Koma inu mukakhala ndi ndani kumeneko?"

"Ndi mphemvu," ndinayankha. "Timadziwana."

Nditabwelela kwa amai Daka ndinati ku Nyimba ndipita ndine. Anavula magalasi, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo.

"A Zulu, mwaganiza bwino? Munthu amene mumabwela kudzamunenela mwezi ndi mwezi ndiye mukumusiyila mpando?"

"Nchito saidziwa, amai. Pamenepo sindinasinthe."

"Nanga?"

"Mwana wanga akudya."

Anavalanso magalasi. Tsiku lonyamuka a Mulenga anabwela pa tebulo langa ndikulongedza. Pankhope pawo panalibe nthabwala, chinthu chachilendo kwa iwo, ndipo ndinaopa kuti andithokoza. "Ba Zulu," anayamba. "Mukafike bwino. Mbewa za ku Nyimba zamva kale, zathawila ku Luangwa." Ndinapuma. Akanati anene china, ndikanawagenda ndi dikishonale.

Nyimba, mpaka kupuma

Ndinapeza kachipinda kaja zitini za a Mwanza zitauma, chiswe chitamaliza shelefu yonse ya pansi. Ndinayambilanso: kuphika phala, kudula mapepala a simenti, kuwelenga buku lililonse lisanakwele pa shelefu. Pang'onopang'ono anthu anabwela, aphunzitsi, anamwino, madalaivala odikila katundu, ndipo kunalibe wofuula kuti thawani. Ndikanayenela kukondwa. Koma madzulo ndikatseka chitseko ndinali kuganiza kuti nthawi ino mwana wanga wadutsa pamene panali tebulo langa osatembenuka n'komwe.

Kutha kwa mwezi ndinali kukwela basi ya ku Petauke ndi mkoko wa nthochi ndi buku limodzi m'chikwama, losankhila iwe. Unali kundithamangila, kundilandila chikwama, kundiuza za kusukulu mpaka a Ketilina kukuletsa kuti atate apume. Unanenepa, masaya anabwelela. Nthochi unali kudya pomwepo. Buku unali kulandila ndi manja awili n'kunena kuti, "Ndikamaliza la a Mulenga ndiwelenga." Mwezi wotsatila ndinali kulipeza pa makina osokela a amai ako, laukhondo ngati la m'sitolo.

Kamodzi kokha ndinakufunsa, uli kale ku sekondale, ukundipelekeza ku siteshoni. Ndinati, "Taonga, mabuku anga analakwa chiyani?" Unayenda pang'ono usanayankhe.

"Sanalakwe, atate. Koma ndikatsegula lanu ndimaona inu mukundidikila kuti ndichile. La a Mulenga silidikila kanthu."

Ndinamva, ndipo m'basi monse ndinali kugwedeza mutu kuti mwana wakamba zanzelu. Koma kumva sikuchotsa nsanje. Ndinafika ku Nyimba ili pomwepo.

Tsiku lija unamaliza maphunzilo a unamwino tinachita kaphwando kwa a Ketilina. Unaimilila pamaso pa anthu n'kuthokoza Mulungu, malemu amai ako, amai ako aang'ono, ndi atate amene anakulela movutika. Kenaka unati, "Ndi a Mulenga, amene anandiphunzitsa kukonda mabuku." Ine amene ndinakugwila dzanja polemba chilembo choyamba! Anthu anaomba m'manja, nanenso ndinaomba. A Mulenga anali pampando woyandikana ndi wanga. Anandigunda ndi chigongono n'kunong'ona, "Ombani mwamphamvu ba Zulu, akukamba za ine."

Petauke, chaka chatha

Nditapuma ndinabwelela kuno ku Petauke. A Mulenga nawonso anapuma, koma kwawo kumpoto sanapite. Akuti akudikila kuti adzandithile ufa komaliza. Timaonana kumsika ndi pa malilo, timanyozana, ndipo akadwala ndimapita kukawaona kuti ndione ngati n'zoona. Chimene sadziwa, ndipo inunso simunali kudziwa, n'chakuti pansi pa bedi langa pali bokosi la malata, limodzi mwa aja a ku Msanzala limene linatha nchito. Zaka zonsezi ndakhala ndikuikamo timabuku ta ana, tosankha bwino, tonse towelengedwa mpaka kumapeto. Ndinati mwana ananditengela, koma mdzukulu ndiye ayi.

Ndiye iwe Taonga unabwela kuchokela ku nchito kwako ku Nyimba ndi kamwana kako Esinati, dzina la agogo ake, kamene kangoyamba sukulu. Chifikileni maso ake anali pa foni yako. Tili pakhonde unati, "Atate, mwana uyu mabuku safuna, ndi foni chabe. Mungamusankhileko limodzi?"

Mawu amenewo ndinawadikila kuyambila chaka cha mbuzi ija. Ndinali nditanyamuka kale pamene unawonjezela kuti, "A Mulenga ndawaimbila, koma foni yawo siikugwila."

Ndinalowa m'nyumba, ndinakoka bokosi, ndinatenga kabuku kamene ndinakasunga pamwamba penipeni, ka kamtsikana kamene kanaweta njuchi mu ketulo ya atate ake. Ndinakhala pafupi ndi mdzukulu wanga n'kuyamba kumufotokozela kuti buku ili limaphunzitsa kuleza mtima, limaphunzitsa kusamala tizilombo, ndipo Chinyanja chake ndi choyela. Anandiyang'ana mwaulemu, nati, "Zikomo agogo," maso n'kubwelela pa foni. Iwe unayang'ana pansi. Ine m'maganizo ndinaona benchi ija ya pakhomo pa laibulale.

Ndinakatenga kabukuko n'kukabisa kumbuyo.

"Iyayi, ndalakwitsa," ndinatelo. "Ili si lako. Umu muli njuchi zoluma, ukatsegula utupa mphuno. Ndi la ana aakulu."

Foni inatsika.

"Agogo, ndione."

"Wachepa."

"Ndione chabe chithunzi!"

Anandikwela pamiyendo, anazungulila kumbuyo, analanda kabukuko n'kuthawila pansi pa mtengo wa mango. Iwe unaseka, kuseka kwa amai ako kothela ndi kutsokomola, n'kundigwila paphewa, nkhope ikuwala ngati ukundipatsa mendulo.

"Atate! Mwakamba ndendende ngati a Mulenga!"

Buku limenelo ndinalisankha ndine, ndinalimaliza ndine, ndipo a Mulenga sanalionepo n'komwe. Ndinati ndikaone nkhuku kuseli. Ndinaima kumeneko nthawi yaitali ndikumvetsela Esinati akuwelenga mokweza, akupunthwa pa mawu aatali n'kubwelezanso, ndipo nkhuku zinali bwinobwino.

Taonga, ukawapeza pa foni, usawauze.